Ana Asanu a Dokotala Kaliza

1991: Chitini cha mapale

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva kokwanira pakhonde pano, ndipo za uphunzitsi wa ku sekondale ija ya ku Dedza ndinalemba kale. Pano ndikufuna ndikuuzeni za ku Nairobi, kumene ndinagwira ntchito imene ndinaikonda kuposa zonse, ndiponso za munthu amene anandiphunzitsa ntchitoyo. Awiri a inu munabadwira komweko, koma munali ana, ndipo zimene mumakumbukira ndi chapati ndi phokoso la matatu, maminibasi a kumeneko, basi.

Ndinafika mu Seputembala ndili ndi sutikesi imodzi, jekete la paukwati, ndi matama a munthu amene wakhala akukhozetsa ana mayeso a Baibulo. Mpingo unanditumiza kukaphunzira mbiri ya Aisraeli akale pa koleji ina ya zaubusa, kunja pang'ono kwa mzinda. Ndinkati pakatha zaka ziwiri ndibwerera. Ndinabwerera ndi imvi. Mkulu wa dipatimenti yathu anali Mmalawi mnzathu, a Dokotala Kaliza a ku Ntcheu, bambo wamfupi, wadazi, wa mpata m'mano, amene akamaseka ankagwira pachipumi ngati mutu ukuwawa. Anali atakhalitsa ku Kenya, koma Chichewa chawo chinali chisanasukuluke ngakhale pang'ono. Tsiku loyamba kulowa mu ofesi mwawo ndinali nditakonzeka kulakatula mayina a mafumu a Yuda kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Iwo anangotsitsa chitini cha mabisiketi pashelefu, n'kuchivundukula, n'kundiika kanthu m'dzanja.

"Mbewe, ichi n'chiyani?"

"Phale, bwana."

"Kwanu mumachita nalo chiyani?"

"Timakazingira mtedza. Kapena kukapalira moto kwa anzathu."

"Basi, theka la kosi wakhoza kale. Koma ubwanawo uusiye panja."

Phale limenelo linali la mtsuko umene unasweka ku Yuda m'masiku a mafumu. Ali mnyamata pasukulu kunja, a Kaliza anakakumba nawo nyengo imodzi ku Israeli, ndipo eni ntchito anawalola kutenga mapale ochepa mwa amene ankatayidwa. Anandifunsa ngati ndinafikapo pabwinja. Ndinati inde, kwathu alipo ambiri, umawadziwira mitengo ya mango, phulusa la padzala ndi mapale omwewa. "Tsono ku Israeli," anatero, "anthu sankasamuka ngati ife. Mudzi ukapsa kapena kugwa, ankasalaza n'kumanganso pomwepo. Bwinja pamwamba pa bwinja, mpaka kusanduka chitunda. Wokumba amayamba kukumana ndi zidzukulu, kenako n'kumatsikira kwa agogo. Lamulo lake ndi limodzi: chapansi n'chakale, chapamwamba n'chatsopano. Ukasokoneza ndondomeko imeneyo wanama, ngakhale chilichonse chimene wanyamula chikhale chenicheni." Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri m'zaka zotsatira. Ankawanena m'kalasi, ankawanena patebulo kunyumba kwawo, mpaka ophunzira ankawalandira pakamwa n'kuwatsiriza okha.

1993 mpaka 1994: Mabuku osowa

Nditamaliza maphunziro oyamba aja, koleji inandilemba ntchito yothandiza a Kaliza kuphunzitsa, ndipo amayi anu anabwera kudzandipeza. Tinapeza kanyumba ku Buruburu, pafupi ndi kwa a Kaliza. Akazi awo, aNachisale, ndiwo anatilandira ngati ana awo. Anaphunzitsa amayi anu kunenerera mitengo pamsika m'Chiswahili, anawasonyeza matatu oyenera kukwera ndi oyenera kuwaleka apite, ndipo iwe Tamanda utabadwa, ndi iwo anakusambitsa koyamba n'kukhala ndi amayi ako masiku onse a chikuta. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, Amalawi tinkadzaza pabalaza pawo, ophunzira, ogwira ntchito m'mabungwe, Akatolika ndi ife a mipingo ina. Wobwera kumene kuchokera kumudzi ankatulutsa kapaketi ka usipa, tonse n'kugawana ngati mankhwala. Zaka zimenezo kwathu ndale zinali zikusintha, ndiye tinkakangana mpaka tiyi kuzizira m'makapu, aNachisale n'kumatiseka kuti dziko silikonzedwa ndi anthu okhala pa sofa ya eni. Masana amenewo ndimawasowa kwambiri.

Ku koleji kunali umphawi wamtundu wake. Laibulale inali yodzaza ndi mabuku a maulaliki amene amishonale opuma anatisiyira, koma buku lofotokoza zofukulidwa m'mabwinja a ku Israeli linali limodzi, ndipo mapu ake wina anathothola kalekale. Tinali ndi makina oonetsera zithunzi pakhoma, koma babu lake likapsa tinkadikira mlendo wochokera kunja kuti atibweretsere lina, ndipo likafika, magetsi ndiwo ankachoka. A Kaliza sankadandaula. Ankatenga kalasi yonse kupita nayo kuseri kwa khitchini ya koleji, kumene kunali dzala lakale, n'kugawa makasu ang'onoang'ono ndi zingwe. Abusa a mawa ankagwada m'fumbi, akupala dothi pang'onopang'ono, kulemba chimene apeza ndi pamene achipeza: mabotolo pamwamba, pansi pake supuni zadzimbiri, pansi penipeni mbale zachitsulo za nthawi ya azungu. A pulinsipolo athu, Mkenya wamtali wokonda ukhondo, anabwera tsiku lina atagwira mphuno n'kufunsa ngati mipingo inatumiza anthu ake kudzafukula zinyalala. A Kaliza anayankha kuti munthu amene sangawerenge dzala la khitchini yake asayerekeze kuwerenga Yerusalemu. A pulinsipolo anapukusa mutu n'kubwerera, koma sanatiletse.

Buku likakhala limodzi ophunzira ali kalasi yathunthu, chipulumutso chinali fotokope. Pafupi ndi koleji panali shopu ya ntchito imeneyi, koma a Kaliza ankandituma m'tauni, ku River Road, pa kashopu ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ulendo wake unali wa matatu awiri ndi kukankhana m'misewu chikwama chili pachifuwa. Ndikadandaula ankati makina a kumeneko amatulutsa bwino mapu. Wogwira ntchito pa kashopuko anali mtsikana wina dzina lake Wanjiku, waulemu, wosalankhulalankhula. Ukamupatsa buku losokonekera masamba ankayamba walikonza asanayatse makina. Pomaliza nthawi zonse ankafunsa m'Chingerezi kuti, "Daktari ali bwanji? Akumwa mankhwala awo a shuga?" Ine ndinkangoti ndi ulemu wa pamalonda. Tsiku lina ndinanena kanthu koseketsa, iye n'kugwira pachipumi, mpata wa m'mano uli poyera. Ndinatsika masitepe aja ndili ndi maganizo, koma ndinadziuza kuti anthu amafanana.

Kumeneko n'kumene ndinathamangira kukachulukitsa nkhani ya mwala wina wofukulidwa. Nthawi imeneyo akatswiri ena a ku Ulaya ankalemba kuti mwina Davide sanakhaleko n'komwe, kuti ndi nthano ya alembi a m'mbuyo mwake. Ndiye kunamveka kuti kumpoto kwa Israeli afukula chidutswa cha mwala, cholembedwa ndi mfumu ya adani, chotchula nyumba ya Davide. Ife nkhaniyi inatipeza mochedwa, m'magazini imene wansembe wina anatibwereka ndi chenjezo lakuti ibwerere isanade. Nditagawa mapepala m'kalasi, ophunzira anaomba m'manja ngati timu yawo yagoletsa. A Kaliza anawasiya asangalale, kenako anati, "Mwalawu wanena kuti kunali banja lachifumu lotchedwa dzina limeneli. Sunanene kuti mwini dzinayo anali ndi nyumba zosanja, sunanenenso kuti anali kamfumu ka midzi ingapo. Musauikire mawu m'kamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ophunzira ena anakhumudwa. Ine ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikudziwa kuti ntchito imeneyi ndidzaigwira mpaka kukalamba.

1997: Mkangano wa pa tiyi

Maphunziro anga a udokotala anali oyerekeza mabuku a Samueli ndi Mafumu ndi buku la Mbiri, kuona mmene alembi osiyana anafotokozera mafumu omwewo. Ndinali ndi mbali yanga, ndipo sindinkabisa. Mlembi wa Samueli ndi Mafumu ndinkamukonda chifukwa sankaopa munthu. Davide akatenga mkazi wa mwini, iye walemba. Mwana akaukira bambo wake, walemba. Koma mlembi wa Mbiri, amene anabwera pambuyo n'kulembanso nkhani zomwezo, ndinkamutcha wopaka laimu. Za mkazi wa mwini uja mulibe, za kuukira kuja mulibe, Davide wake ndi woyera mbee ngati khoma la tchalitchi pa Khirisimasi. Ndinkanena zimenezi m'kalasi mokweza, ophunzira n'kumaseka, ine n'kumadzimva kuti ndine wolimba mtima.

Masana ena tinapita limodzi m'tauni ndi a Kaliza kukatenga mapepala a mayeso. Iwo sanakwere masitepe a kashopu kaja, anandidikira pansi. Pobwerera tinalowa m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo tisanamwe n'komwe anayamba.

"Mbewe, munthu ameneyu unamuderanji?"

"Amabisa, a Dokotala. Wolemba mbiri sabisa."

"Ankalembera ndani?"

"Anthu obwerera kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo."

"Ndiye kuti anamfedwa. Mzinda wawo bwinja, ufumu watha. Za machimo a Davide ankazidziwa kale, mabuku enawo anali nawo. Iwe ukapita pamaliro umakawerengera anamfedwa milandu ya malemu? Koma tandiuza, machaputala oyambirira aja umawawerenga?"

Ndinavomera kuti ndinkangowadutsa mothamanga, monga amachitira aliyense, poti ndi mayina okhaokha.

"Tsono mtima wake uli pamenepo. Tchimo analisiya, koma munthu sanamutaye. Mwana woukira uja alimo, pamalo pake penipeni pa kubadwa. Mayi wa Solomo alimo, dzina lake ndi la bambo wake, popanda nkhani. Ana a akazi aang'ono a Kalebe alimo. Akazi achilendo alimo. Ankatola anthu monga timatolera mapale, kuti pasasowe ndi mmodzi yemwe."

Ine pofuna kupambana ndinatsegula Baibulo pomwepo pakati pa makapu, n'kuwasonyeza pamene mlembi yemweyo, atafika pa ana a akazi aang'ono a Davide, anangoti analiponso, osatchula dzina ngakhale limodzi. Ndinkayembekeza kuti agwira pachipumi n'kundiyamikira. Sanaseke. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali.

"Pamenepo ndiye ndimamudandaula," anatero. "Pamenepo anachita mantha." Anakankhira kapu pambali. "Wanjiku ndi mwana wanga, Mbewe. Ndikudziwa kuti unaona kale."

Anandifotokozera mwachidule, maso ali patebulo. Pobwera ku Nairobi anabwera okha, aNachisale n'kutsala ku Ntcheu ndi ana awiri, ndipo panapita zaka asanapeze njira yowaitanitsa. M'zaka zimenezo anagwa, mwana n'kubadwa. ANachisale atafika, a Kaliza anaulula kwa iwo ndi kwa akulu a mpingo. Mpingo unawadula, patapita nthawi n'kuwabwezera. ANachisale anakhululuka, koma anaika lamulo limodzi, loti dzina la mwanayo lisadzamveke m'nyumba mwawo, ndipo silinamvekedi. Ana ena awiri anabadwa pambuyo pake. Mayi wa Wanjiku anamwalira mwanayo ali kusekondale, ndipo kuyambira pamenepo bambo ake ankamuonera m'misewu ya m'tauni ndi kudzera mwa anthu otumidwa ngati ine. Atamaliza anaitanitsa tiyi wina, n'kuyamba kukamba za mayeso. Sanandipemphe kanthu tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Akanandipempha, zimene zikubwerazi zikanandipepukira.

2004: Mbiri ya malemu

A Kaliza anapuma pantchito mu 2002, ndipo dipatimenti inagwera ine, pamodzi ndi chitini chija. Anakhalabe ku Buruburu akudikira kuti nyumba ya ku Ntcheu ifoleredwe. Shuga uja sanawadikire. Anamwalira mu Julayi 2004, m'nyengo ija imene Nairobi amadzuka ndi mitambo yotuwa n'kugona nayo. Ndinalira ngati mwana. Munthu ameneyu anali bambo anga a kuchilendo.

Amalawi tinakhazikitsa komiti, monga tinkachitira pa maliro aliwonse, yoona za kutumiza thupi kumudzi ndi za mapemphero otsanzika. Mwambo wathu mukuudziwa. Thupi lisananyamuke, wina amaimirira n'kuwerenga mbiri ya malemu: kubadwa, ubatizo, sukulu, ukwati, ntchito, matenda, ndipo pomaliza amatchula amene asiyidwa. Mawu omalizawo ndi amene anthu amatchera khutu, chifukwa wotchulidwa pamenepo ndi mwana wa nyumbayo pamaso pa onse, ndipo wosatchulidwa ndi mlendo wongobwera kudzapepesa. Komiti inati mbiriyo ndilembe ndi kuwerenga ine, poti ndine ndinagwira nawo ntchito nthawi yaitali.

Mwana wawo woyamba, Dalitso, anafika kuchokera ku Blantyre n'kundipatsa mayina: iye, Esnati, Chisomo ndi Limbani. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba n'kumufunsa motsitsa mawu kuti nanga wa ku River Road uja. Nkhope yake inandiuza kuti akudziwa.

"AMbewe, bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo mayi anga ndi awo ali pamphasawo. Mukufuna muwalize kawiri? Ana ndife anayi. Mulembe zimenezo, full stop."

Sindinamuone ngati woipa, ndipo inunso musamuone choncho. Uyu ndi mwana amene anakulira ku Ntcheu zaka zija akuona mayi ake akudikira uthenga wa ku Kenya. Ndinafuna kumva kwa aNachisale eni ake, koma anali m'nyumba ya siwa, atazunguliridwa ndi amayi usana wonse, ndipo mwamuna sakagwada pamenepo n'kumanong'ona nkhani yotere. Ndinapempha amayi anu kuti akandifunsire. Anakana, ndipo anandiuza mosapsatira.

"Maliro si kalasi yanu, bambo a Tamanda. Mayi amene anatisambitsira mwana, mukawachititse manyazi pamaso pa Nairobi yense? Mwini wake anakhala chete mpaka kufa. Inu ndinu ndani?"

Kenako komiti, posadziwa kanthu, inandituma kukachulukitsa pulogalamu ya maliro kumene ndimachitira mapepala a koleji. Ndikanatha kupita shopu ina, koma miyendo inanditengera ku River Road. Nthawi imeneyo kashopu kaja kanali ka Wanjiku, ndipo anali mayi wapabanja wa ana awiri. Dzulo lake anali atabwera ku siwa, n'kukhala panja pamodzi ndi anthu oyandikana nawo nyumba, n'kusiya paketi ya shuga, n'kuchoka osalowa. Analandira pepala lija n'kuliwerenga, monga ankachitira ndi pepala lililonse. Chala chake chinatsika mpaka pa mayina a ana, n'kuima. Ndinayang'ana kukhoma.

"Makope angati, mwalimu?" anafunsa, akunditchula mphunzitsi m'Chiswahili.

Ndinamuuza. Anayatsa makina, kuwala kuja n'kumapita uku ndi uku pansi pa chivundikiro, chithunzi cha bambo ake chikutuluka chimodzichimodzi ndi mayina anayi pansi pake. Anapinda pepala lililonse mowongoka bwino, n'kumanga mtolo ndi labala. Nditafika pakhomo anandiitana.

"Mwalimu, kodi ndingabwere kutchalitchi? Ndikhala kumbuyo, sindisokoneza."

Mu matatu obwerera ku Buruburu mtolo uja unali pamiyendo panga, ndipo ndinkalimbana ndekha. Kulemba ngati mlembi wa Mafumu, kuyala zonse poyera, sikunali kotheka. Ndinazindikira kuti zaka zonse zija ndinkalimba mtima m'kalasi chifukwa Davide analibe mkazi wamasiye wokhala pabenchi yakutsogolo. Kukhala chete kunali kosavuta, ndipo palibe akanandidzudzula, ngakhale Wanjiku amene. Ndikanasunga ubale ndi banja limene linatilera, n'kuperekeza thupi mpaka ku Ntcheu, poti koleji inali itasankha ine kukaiimira kumanda. Koma kondakitala akukuwa, nyimbo zikugunda, ine ndinkangomva mawu a m'kanyumba ka tiyi kaja, akuti pamenepo anachita mantha.

Tchalitchi chinadzaza. Kunali Amalawi, aphunzitsi a koleji, a pulinsipolo aja atakalamba, ndi abusa ambiri amene kale anagwadapo padzala lija. Ndinawerenga za Ntcheu, za sukulu, za nyengo ya ku Israeli, za chitini cha mapale, anthu n'kuseka pang'ono misozi ili m'maso. Za kugwa kwawo sindinanene liwu ndi limodzi lomwe. Nditafika kumapeto ndinakweza maso. Ndinaona Wanjiku pabenchi yomaliza, pafupi ndi chitseko.

"Malemu asiya mkazi wawo, mayi Nachisale," ndinawerenga, "ndi ana asanu: Dalitso, Esnati, Chisomo, Limbani, ndi Wanjiku."

M'tchalitchi munamveka mapepala okhaokha, anthu akutembenuza pulogalamu kuti awerenge okha. Amayi anu anaweramitsa mutu. ANachisale anali atafunda chitenje mpaka kumaso, ndipo sanagwedezeke. Titatuluka, Dalitso anandipeza pamasitepe.

"Mwatichita chipongwe, aMbewe. Ku Ntcheu musabwereko."

Sindinapiteko. Koleji inatumiza munthu wina, ndipo ine sindinaponye dothi m'manda a munthu amene anandiphunzitsa kuwerenga dothi. Chimenecho chimandiwawa mpaka lero. Dalitso sitinalankhulanenso. Amalawi ena anasiya kutiyendera, ena ankandigwira dzanja mwamphamvu. Amayi anu anakhala masiku angapo akundipatsa chakudya popanda mawu. Ndinaphunzitsa zaka zina zingapo tisanabwerere kuno, ndipo mlembi wa Mbiri uja sindinamutchenso wopaka laimu. Machaputala a mayina aja ndinkawerengetsa ophunzira mokweza, dzina ndi dzina, iwo n'kumadandaula kuti mwalimu wakalamba.

Koma ndibwerere ku m'mawa wotsatira tsiku la mapemphero lija. Thupi linkanyamuka pa ndege, ndipo anthu anaperekeza ku bwalo la ndege, mbali yotumizira katundu. Ngakhale ndinali nditaletsedwa ulendo, ndinapita, n'kuima patali pafupi ndi mpanda. Wanjiku analinso pomwepo, chapatali ndi ine, atavala juzi lakuda. Malo amenewo alibe ulemu. Bokosi la a Dokotala linali litakhomeredwa m'chibokosi china chamatabwa, lili pakati pa makatoni a maluwa ndi matumba, anyamata a ntchito akukuwirana m'Chiswahili. Ana anayi aja anaima pamzere kuti alione komaliza lisanalowe mkati. ANachisale anali atakhala pa benchi ndi amayi awiri. Mmodzi wa amayiwo anabwera kwa ine n'kunena kuti mayi akundiitana.

Ndinapita n'kunjuta patsogolo pawo. Anatsitsa chitenje kumaso. Maso anali otupa, koma mawu anali awo omwe aja a pabalaza.

"Bambo a Tamanda, mwandipweteka. Musaganize kuti simunandipweteke."

"Pepani, mayi. Ndikhululukireni."

"Ndiponso mbiri ija mwalakwitsa."

Ndinangoweramitsa mutu, kudikira zotsala.

"Zaka zonsezi mwakhala ndi bambo aja, simunamve zimene ankanena? Ngakhale ine wosapita ku koleji ndinazimva mpaka kutopa nazo. Chapansi n'chakale. Mwana uja si chitsirizira. Chisomo anabadwa iye akuyenda kale. Ndi wachitatu, inu mwamuika kumapeto ngati wotoledwa." Anapuma pang'ono, akuyang'ana kumene kunali bokosi. "Dzina limenelo ndinaliletsa m'nyumba mwanga, ndipo sindipepesa kwa munthu. Koma pano si m'nyumba mwanga. Kamuitaneni Wanjiku."

Aka kanali koyamba kuti dzinalo lituluke pakamwa pawo. Ndinapita kumpanda kuja n'kumukodola. Anabwera pang'onopang'ono, manja atawapinda pachifuwa. ANachisale anaimirira, amayi aja akuwagwiriza, n'kumugwira pamkono, kuyenda naye mpaka pamzere. Dalitso anayang'ana kumbali. ANachisale anakankha Chisomo pang'ono kuti asendere, n'kuimika Wanjiku pakati pa Chisomoyo ndi Esnati.

"Ima apa," anatero. "Malo ako ndi ano."

Wanjiku Chichewa sankachimva, koma anaima.